Intavyu Imayamba Tsiku Lolemba Fomu

Zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, kawirikawiri mu Januwale, m'nyumba zambiri za ku Makeni mumamveka nthungululu. Mafoni amalira kuchokera ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, agogo akufuna kumva mapointi a mdzukulu wawo. Nkhuku imazingwa tsiku lomwelo. Koma sabata ziwiri zisanathe, chimwemwe chija chimasanduka mafunso. Fomu ya ku UNZA ikupezeka bwanji chaka chino? Ya ku CBU itseka liti? Ngongole ya maphunziro amaipempha nthawi yanji? Nanga uthenga wabwera pa foniwu, woti mwana akaonekere kwa ofunsa mafunso Lachinayi m'mawa, akakafika akanene chiyani?

Miyezi ya pakati pa zotsatira ndi kalata yoitanira mwana ku yunivesite ilibe mphunzitsi ndipo ilibe belu. Mwana amene kwa zaka 12 ankauzidwa tsiku la mayeso ndi ola lolowera m'kalasi amapezeka ali yekha ndi foni, mapepala ndi masiku otsekera amene palibe womukumbutsa. M'miyezi imeneyi ndi m'mene ana ena anzeru, okhoza bwino, amataya malo awo. Amawataya chifukwa cha risiti yosowa, dzina lolembedwa mosiyana pa mapepala awiri, imelo imene sinatsegulidwe, kapena chifukwa cholephera kufotokoza pakamwa zimene analemba okha pa fomu. Zonsezi n'zophunzirika, ndipo banja likhoza kuziphunzira limodzi ndi mwanayo.

Makomo achuluka

Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi nzika pafupifupi 100 zokha za digiri. University of Zambia (UNZA) inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, kuyambira ku Ridgeway, nyumba za ku Great East Road zisanathe kumangidwa. Anthu wamba anasonkha zimene anali nazo, ndalama ngakhalenso ziweto, kuti dziko likhale ndi yunivesite yakeyake. Kwa zaka zoposa 20 khomo linali limodzi lokhalo, mpaka Copperbelt University (CBU) inakhazikitsidwa ku Kitwe mu 1987. Mulungushi University ya ku Kabwe inabwera mu 2008.

Lero mwana wa ku Makeni ali ndi makomo ambiri oti agogode. A boma alipo Kwame Nkrumah ku Kabwe, Mukuba ku Kitwe, Chalimbana ku Chongwe, Kapasa Makasa ku Chinsali, ndi Levy Mwanawasa Medical University mu Lusaka momwemuno. Amene si a boma alipo University of Lusaka, Cavendish, Zambian Open University, Lusaka Apex Medical University ndi ena. Palinso makoleji akale odziwika monga Evelyn Hone pa Church Road, NIPA, ndi NRDC cha ku Chelstone, osaiwala masukulu a unamwino. Kuyambira mu 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka kumaliza sekondale, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti opikisana nawo pa makomo amenewa achulukirachulukira.

Kuchuluka kwa makomo n'chinthu chabwino, koma kwabweretsa ntchito imene makolo ambiri sanaidziwe pa nthawi yawo. Atate amene analemba fomu imodzi n'kukaiponya ku positi ofesi akuyenera kuthandiza mwana amene akulemba mafomu asanu kapena asanu ndi limodzi, ena pa intaneti, ena a pepala, iliyonse ndi ndalama zake, zofunika zake ndi tsiku lake lotsekera.

Ndani amafunsa, ndani safunsa

Choyamba choyenera kudziwa n'chakuti si khomo lililonse limene lili ndi intavyu. Mayunivesite akuluakulu a boma amasankha ophunzira a chaka choyamba poyang'ana zotsatira. Pa mayeso a Examinations Council of Zambia (ECZ), 1 ndi 2 ndiwo magiredi apamwamba kwambiri, 3 ndi 4 amatsatira, 5 ndi 6 ndiwo makirediti, ndipo 9 ndi kulephera. Makirediti asanu, limodzi mwa iwo la Chingerezi, ndiwo amalola munthu kupempha malo, koma kupempha si kupeza: maphunziro okondedwa kwambiri amadzaza ndi ana a mapointi ochepa, amene ndiwo okhoza bwino kwambiri. Ku UNZA, kwa zaka zambiri, wofuna udokotala kapena uinjiniya wakhala akuyamba walowa School of Natural Sciences, ndipo mpikisano weniweni wa malo umachitika pa zotsatira za chaka choyamba. Mwana akamalemba fomu asakudziwa zimenezi, amasankha mwachimbulimbuli.

Intavyu imapezeka pa makomo ena. Masukulu ambiri a unamwino amaitana ana amene awasankha poyamba kuti akalembe mayeso afupiafupi ndi kuyankha mafunso pakamwa. Higher Education Loans and Scholarships Board, imene aliyense amangoti HELSB, imafunsa mafunso ana opempha mwayi wokaphunzira kunja m'mayiko monga Russia, China, India, Algeria ndi Morocco. Omaliza digiri yoyamba amakumana ndi intavyu ya Chevening, imene imafuna munthu wogwirapo ntchito maola 2,800 ndi wolonjeza kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza maphunziro ku Britain. Palinso Beit Trust, imene imathandiza ophunzira a ku Zambia, Zimbabwe ndi Malawi, ndiponso Rhodes, imene imatumiza achinyamata ku Oxford. Mayi woyamba wa ku Zambia kupata Rhodes anali Lucy Sichone, wophunzira za malamulo ku UNZA, mu 1978, ndipo chithunzi chake chinapachikidwa ku Rhodes House mu 2015. Makomo oterewa amatsegukira amene wakonzekera kulankhula.

Fayilo imodzi, kope limodzi

Mukalowa m'kashopu ka fotokope cha ku Makeni Mall kapena m'tauni pafupi ndi Cairo Road m'nyengo ya mafomu, mudzaona zimene zimachitika mwana akapanda dongosolo. Mtsikana waima pa kauntala, foni m'manja, akufufuza chithunzi cha reji yake pakati pa zithunzi za pa ukwati wa msuweni wake. Wa pa kompyuta akumufunsa imelo, iye akutchula imene anamutsegulira mnzake ali Giredi 10, pasiwedi anaiiwala kalekale. Wa pa kompyutayo, pofuna kuthamangitsa mzere, akuika imelo ya shopu ndi nambala yake ya foni. Fomu yapita, ndalama zalipidwa, mtsikana wabwerera kunyumba wokondwa. Miyezi iwiri ikadutsa, uthenga womuitana ukafikira ku shopu kumene palibe amene akumukumbukira.

Njira yopewera zimenezi siidya ndalama zambiri. Pafunika fayilo imodzi ya pulasitiki yosalowa madzi ndi kope limodzi la sukulu. M'fayilo mumakhala mapepala enieni: zotsatira za mayeso, reji, satifiketi ya kubadwa ngati ilipo, kalata ya umboni yochokera ku sukulu, ndi zithunzi za pasipoti. Kumbuyo kwake mumakhala mafotokope odindidwa kale ndi Commissioner for Oaths, kapena otsimikizidwa ndi ECZ ngati sukulu yafuna zimenezo. Pepala lenileni silisiyidwa pa ofesi iliyonse. Limaonetsedwa n'kubwerera m'fayilo.

Kope ndilo mtima wa ntchito yonse. Tsamba lililonse likhale la sukulu imodzi. Pamwamba dzina la sukulu ndi maphunziro amene mwana wasankha, motsatana monga anawalembera pa fomu. Pansi pake tsiku lotsekera, lolembedwa ndi cholembera chofiira. Kenako mndandanda wa mapepala ofunika, chilichonse n'kumachongedwa chikapezeka. Kenako ndalama zimene zalipidwa, njira yake, kaya ndi Bill Muster ya ku Zanaco kaya ndi Airtel Money kapena MoMo, ndi nambala ya risiti, risitiyo itamatidwa pa tsamba lomwelo chifukwa inki ya mapepala a ku banki imafufutika msanga. Kenako nambala ya pempho imene kompyuta yapereka, dzina lolowera, ndi tsiku limene fomu inatumizidwa. Pamapeto mzere wopanda kanthu wolembapo yankho. Lamlungu lililonse madzulo, mwana ndi munthu wamkulu mmodzi wa m'nyumbamo atsegule kope, aone tsiku lofiira limene layandikira, atsegule imelo, ayang'anenso bokosi la Spam kumene makalata ofunika amakonda kugwera.

Chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala ndicho kusunga fomu yodzazidwa kale. Musanadinize batani lotumizira, jambulani tsamba lililonse kapena lisindikizeni. Ngati panali nkhani yolemba, yofotokoza chifukwa chimene mwana akufunira maphunzirowo, isungidwe mawu ndi mawu. Idzafunika tsiku la intavyu.

Dzina likhale limodzi

Vuto lina limene limazunza mabanja a chigawo cha kum'mawa ndi la mayina. Mwana anabatizidwa dzina lina, kunyumba amaitanidwa lina, ku pulayimale analembetsa ndi dzina la amalume amene ankamulera, ndipo potenga reji ali ndi zaka 16 anapereka la atate ake omubala. Pena kusiyana kumakhala kwa chilembo chimodzi, Mbewe pa pepala lina ndi Mbewa pa linzake, kapena tsiku la kubadwa losemphana ndi mwezi. Kwa ife a m'banja ndi munthu mmodzi yemweyo. Kwa wogwira ntchito mu ofesi ya kalembera, amene ali ndi mulu wa mafomu patebulo, ndi anthu awiri.

Zimenezi zimakonzeka ndi kalata yolumbira, ndipo pena pamafunika kupita ku ECZ kapena ku ofesi ya mareji. Koma zimatenga masiku, nthawi zina masabata. Nthawi yabwino yoyala mapepala onse patebulo n'kuwerenga dzina chilembo ndi chilembo ndi Novembala kapena Disembala, mwana atangomaliza mayeso, zotsatira zisanatuluke. Wodikira mpaka sabata yotsekera amakathera tsiku lonse pa mzere, fomu n'kutsekedwa ali pomwepo.

Liwiro lachiwiri: ndalama

Kalata ya malo ikabwera, liwiro lina limayamba. HELSB inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 m'malo mwa Bursaries Committee yakale, ndipo zimene imapereka kwa ophunzira a m'mayunivesite a boma ndi ngongole yobweza. Kuyambira mu 2018 yakhala ikutolera ndalama kwa amene anathandizidwa kuchokera mu 2004. Ndalama ya chakudya, imene ophunzira a ku UNZA amaitcha BC, inachotsedwa mu 2019 n'kubwezeretsedwa mu 2023. Pempho la ngongole ndi losiyana ndi pempho la malo. Lili ndi fomu yake ndi tsiku lake, ndipo liyenera kukhala ndi tsamba lakelake m'kope muja.

Mabungwe opereka thandizo amafuna umboni wa zimene banja likunena. Ngati mwana ndi wamasiye, pafunika satifiketi ya imfa ya kholo. Ngati banja ndi losauka, pangafunike kalata ya a Social Welfare. Mapepala amenewa ndi opweteka kuwafunafuna, makamaka ngati maliro anachitikira kumudzi ndipo palibe amene analembetsa. N'chifukwa chake ntchitoyi siyenera kusiyidwa m'manja mwa mwana wa zaka 18 yekha. Azakhali kapena amalume amene anali pamaliropo ndiwo adziwa koyambira.

Amene akulowera ku maphunziro a luso la manja akumbukire Constituency Development Fund, imene mu 2022 inakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Gawo lina la ndalamazi limalipirira achinyamata m'masukulu a luso, ndipo mafomu ake amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Safunsa anadya phula: kupita ku ofesi ya khansala kukafunsa tsiku limene mafomu atuluke n'kopanda mtengo.

Pamaso pa ofunsa

Anthu atatu kapena anayi amene akhala kuseri kwa tebulo ali ndi fomu ya mwanayo m'manja. Mafunso awo ambiri amachokera pamenepo. Ngati analemba kuti anathandizapo pa kiliniki, amufunsa kuti ankachita chiyani kwenikweni, ndipo anaona chiyani chimene chinamukhudza. Ngati analemba kuti anali mtsogoleri wa kalabu ya JETS ku sukulu, amufunsa vuto limodzi limene anakumana nalo ndi m'mene analithetsera. Mwana amene fomu yake anamulembera wina, kapena amene anakopera nkhani yokoma pa intaneti, amagwidwa pa funso lachiwiri. Amene analemba yekha zoona zake, ngakhale m'Chingerezi chosavuta, amangopitiriza nkhani imene anaiyamba kale.

Funso lakuti n'chifukwa chiyani akufuna maphunziro amenewa silisowa. Yankho lakuti “ndimakonda kuthandiza anthu” ofunsa amalimva kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chimene chimawadzutsa ndi chinthu chimene mwanayo anachiona ndi maso ake. Wofuna unamwino amene anadwazika agogo ake a matenda a shuga, n'kuphunzira kuyeza magazi ndi kusunga nthawi ya mankhwala, ali ndi nkhani. Wofuna za madzi ndi ukhondo amene anaona kolera ya 2017 ndi 2018 ku Kanyama, kapena ya kumayambiriro kwa 2024 pamene odwala ankagonekedwa ku National Heroes Stadium, ali ndi chifukwa chomveka. Wofuna zaulimi amene anakulira pakati pa madimba ndi makola a nkhuku a ku Makeni, n'kuona chilala cha 2024 chikupsereza chimanga, asachite manyazi kunena zimenezo. Moyo wa kwathu kuno ndi umboni wokwanira.

Pali chinthu china chofunika kuchikamba mosabisa. Ana athu tinawalera kuti polankhula ndi wamkulu azitsitsa maso, azitsitsa mawu, ayankhe mwachidule ndipo asadzitame. Ndi ulemu wabwino, ndipo sitiyenera kuutaya. Koma m'chipinda cha intavyu, mwana woyang'ana pansi ndi kuyankha mawu amodzi amaoneka ngati sakudziwa kanthu, pamene mnzake wa ku sukulu za ku Kabulonga kapena Woodlands, wozolowera kutsutsana ndi aphunzitsi m'kalasi, amaoneka wanzeru. Mwana auzidwe ndi makolo ake enieni kuti m'chipindamo waloledwa kudzutsa nkhope, kukweza mawu ndi kunena zabwino zimene anachita. Chilolezo chimenechi chikachokera kwa amayi kapena atate, chimamasula lilime kuposa malangizo a munthu wina aliyense.

Kuyeserera kuchitike kunyumba, ndipo kuchitike ngati zenizeni. Tebulo la pabalaza likokedwe, kuseri kwake kukhale amalume, mnansi amene ndi mphunzitsi kapena namwino, ndi mkulu wina wa ku mpingo kapena ku mzikiti amene mwanayo amamuopa pang'ono. Mwana avale zimene adzavale tsikulo, agogode, alowe, apereke moni, adikire kuuzidwa kukhala. Amalume, fomu ili m'manja, afunse m'Chingerezi: “Tauzeni, mwalemba apa kuti munkaphunzitsa ana anzanu masamu. Anali angati, ndipo munkawaphunzitsira kuti?” Mwana akayamba kunong'ona, amuuze mofatsa kuti, “Mphwanga, kweza mawu, amene ali kumapeto kwa tebulo sakukumva.” Afunsidwenso funso limene sangathe kuliyankha, kuti azolowere kunena modekha kuti sakudziwa koma angaganize motere. Ofunsa amalemekeza zimenezo kuposa bodza. Pomaliza mwana akhale ndi funso limodzi kapena awiri ake okhudza maphunzirowo, chifukwa kawirikawiri amapatsidwa mpata wofunsa.

M'sabata yomaliza mwana awerenge nyuzi ndi kumvera nkhani. Wopita ku intavyu ya unamwino adziwe ntchito ya Nursing and Midwifery Council of Zambia. Wopempha mwayi wa kunja adziwe likulu la dzikolo, chinenero chimene adzaphunziramo, nyengo yake, ndi chimene adzabwere nacho kuno akamaliza.

Tsiku lenilenilo

Kuchoka ku Makeni kupita ku Ridgeway kapena ku Great East Road si kutali pa mapu, koma aliyense wodutsa Kafue Road m'mawa amadziwa m'mene magalimoto amathinirana polowa m'tauni, ngakhale mlatho wa pamwamba wa pa mphambano ya Makeni unamangidwa. Minibasi imadikira kudzaza, ndipo m'tauni pamafunika kutsika n'kukwera ina. Ndi bwino kuyenda ulendowo tsiku lina intavyu isanafike, kuona geti, nyumba ndi chitseko chenicheni, n'kudziwa nthawi imene ulendo umatenga. Tsikulo mwana afike ola lathunthu nthawi isanakwane, fayilo ili m'manja, atadya kanthu, ndalama yobwerera ili m'thumba lina.

Maintavyu ambiri a kunja tsopano amachitika pa Zoom kapena Teams. Amene anakhala mu Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku, safunika kuuzidwa kuti magetsi ndi osadalirika. Kompyuta ndi foni zikhale zodzaza moto, mabandulo akhale a makampani awiri osiyana, ndipo malo akhale achete, kuwala kukuchokera kutsogolo kwa nkhope. Ola la pa kalata liwerengedwe bwino: London imatsalira ndi maola awiri kumbuyo kwa Lusaka m'miyezi yawo yozizira, ndi ola limodzi m'miyezi yawo yotentha.

Chenjerani ndi ogulitsa malo

Nyengo ya mafomu ndi nyengonso ya akuba. Pa WhatsApp ndi Facebook pamabwera mauthenga olonjeza malo ku sukulu ya unamwino kapena mwayi wa kunja, bola mutumize ndalama ku nambala ya munthu. Ena amati ali ndi wachibale mu ofesi ya kalembera. Sukulu yoona imalandira ndalama ku akaunti ya dzina lake ndipo imapereka risiti. Musanalipire kalikonse, onani ngati sukuluyo ndi maphunziro amene mwana akufunawo zili m'ndandanda wa Higher Education Authority, kapena wa TEVETA ngati ndi za luso. Wopita kunja afunse ku Zambia Qualifications Authority ngati pepala limene adzabwere nalo lidzavomerezedwa kuno. Banja limene lagulitsa puloti kuti mwana aphunzire siliyenera kudzamva pakatha zaka zinayi kuti digiriyo ilibe ntchito.

Ntchito ya tonse

Kusiyana kwakukulu pakati pa mwana wa m'nyumba ya anthu ophunzira ndi mwana woyamba m'banja lake kufika Giredi 12 nthawi zambiri sikukhala m'mutu. Wa m'nyumba ya ophunzirayo ali ndi munthu patebulo la chakudya amene anadutsamo kale, wodziwa kuti fomu ya ngongole ndi ina, kuti dzina liyenera kufanana, kuti ofunsa amawerenga zimene unalemba. Winayo amaphunzira zimenezi mwa kutaya chaka. Nzeru imeneyi ndi yosavuta kugawana.

Ku Makeni kuli matchalitchi, kuli mizikiti, kuli masukulu okhala ndi zipinda zimene zimangokhala Loweruka masana. Kulinso anamwino, aphunzitsi, owerengera ndalama ndi ophunzira a ku UNZA amene amabwera kunyumba pa holide. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anthu asanu oterewa atapatula Loweruka limodzi mu Disembala loyang'ana mapepala a ana omaliza sukulu, ndi Loweruka lina mu Febuluwale lowayeserera intavyu, ana ambiri a m'derali angalowe pa makomo amene mapointi awo anawatsegulira kale. Ngati m'nyumba mwanu kapena mwa mnansi wanu muli mwana amene walemba mayeso chaka chino, muitaneni sabata ino, abwere ndi mapepala ake onse, muwerenge naye dzina lake pa lililonse, ndipo mulembe limodzi tsiku loyamba lotsekera.